Midlake, Fleet Foxes kapena King Gizzard: muyambire chiti, ndi momwe chimbale chimodzi chinandikhomera

Abale anga funso ili mwandifunsa mokwana ndipo ndatopa kuyankha mmodzimmodzi. Chiyambireni tsiku lija tinakhala pakhonde kwathu magetsi atathima ine n'kumaika nyimbo pa kasipika ka batire, foni yanga sikupuma, uyu akuti "aise zija unkaika zija ndi za ndani", uyu akuti "man ndiyambire chiti", wina mpaka kundiimbira usiku anthu titagona kale kuti ndimutumizire dzina la nyimbo ya chitoliro ija, ngati kuti usiku umene uja panali nyimbo imodzi yokha ya chitoliro. Ndiye ndalemba kamodzi, wofunsanso ndizingomulozera pano basi.

Usiku uja ndinaika zimbale zitatu. The Courage of Others cha Midlake cha 2010, Helplessness Blues cha Fleet Foxes cha 2011, ndi Paper Mâché Dream Balloon cha King Gizzard & the Lizard Wizard cha 2015. Anthu amakonda kuziponya zonse mu dengu limodzi lolembedwa psychedelic folk rock, kutanthauza magitala a bokosi, zitoliro, mawu oyalana ngati kwaya, kenako penapake zinthu n'kuyamba kuzungulira mutu. Koma kunena zoona zimbale zitatuzi n'zosiyana ngati thobwa, maheu ndi kachasu, zonse zachokera ku chimanga koma sizimwedwa tsiku limodzi.

Ndineneretu, ine si woweruza wabwino pa mlandu umenewu. Chimodzi mwa zitatuzi chinandidyera ndalama yoti mpaka lero ndikaikumbuka mtima umachita kuwawa, ndipo bandi yake ndi yomwe ndinkaikonda kuposa ena onsewo. Ndiye mukamawerenga muzichotserako nokha.

Ndiyambe ndi chosavuta. Helplessness Blues chinatuluka mu Meyi 2011, ku America kudzera ku kampani ya Sub Pop, ku Ulaya kudzera ku ya Bella Union, ndipo ndi chachiwiri cha anyamata a ku Seattle amenewa pambuyo pa choyamba chija cha 2008 chomwe chinawatchukitsa. Nyimbo 12, mphindi pafupifupi 50. Amene munakulira mu kwaya ya kumpingo ichi muchimva msanga, chifukwa mphamvu yake yonse ili pa mawu, Robin Pecknold akutsogolera ena n'kumayala pansi ndi pamwamba pake bwinobwino ngati mmisiri woyala njerwa, palibe mawu otuluka pa mzere. Pecknold anali ndi zaka 25 chimbalechi chikutuluka ndipo nkhawa zake ndi za msinkhu womwewo, nyimbo yoyamba yeniyeniyo akudziyerekeza ndi makolo ake kuti iwo pa msinkhu wake anali ndi mwana kale nanga iye akutani. Amene azakhali anu amakufunsani chaka ndi chaka kuti mutionetsa liti mlamu, nyimbo imeneyo ikupezani pomwe muli.

Za psychedelic mu chimbalechi muzipeza kwenikweni pa The Shrine / An Argument, nyimbo ya mphindi 8 yomwe imasintha nkhope kangapo, imayamba ndi gitala imodzi ndi mawu, Pecknold n'kukuwa mpaka mawu kuchita kung'ambika, kenako bandi yonse kulowa, kenako bata, ndiye kumapeto kumabwera chitoliro china chachikulu cholira ngati mbuzi yomwe yamangidwa pa njinga. Tsiku loyamba kuiika mokweza mayi a kunyumba anatuluka ku khitchini ndi mthiko m'manja kudzafunsa ngati sipika yapsa. Ine ndi pomwe ndimapakonda, chifukwa kupanda pamenepo chimbale chonse chikanakhala chaulemu mopitirira, ngati mwana wa abusa pa ukwati. Vuto lake ndi lomwelo, chinapukutidwa kwambiri, anajambula n'kutaya n'kuyambiranso, ndipo zimamveka kuti munthu anavutika nacho mpaka kuiwala kuseka. Chinapikisana nawo pa mphoto za nyimbo za Grammy m'gulu la folk koma sichinapate. Woimba ng'oma wawo Josh Tillman anachoka kumayambiriro kwa 2012 n'kukayamba kuimba payekha pa dzina loti Father John Misty, Pecknold anabwerera ku sukulu ku Columbia University, bandi n'kukhala duu mpaka chimbale cha Crack-Up mu 2017.

Chinthu chimodzi choti mudziwe ndi chakuti chimbale ichi sichigwirizana ndi sipika ya foni. Malo ofatsa amafatsa zenizeni, malo okweza amakweza zenizeni, ndiye mukachiika mu minibasi kapena pa foni mukuchapa, theka la nyimbo simulimva. Chimafuna mahedifoni ndi ulendo wautali, ine ndinachimvetsa bwino pa basi ya ku Mzuzu tikudutsa mu Chikangawa nkhungu itagwira.

King Gizzard ndi nkhani ina. Awa ndi a ku Melbourne ku Australia, anthu osadziwa kukhala pansi, mu 2017 mokha anatulutsa zimbale zisanu. Amadziwika ndi phokoso, magitala a magetsi, ng'oma ziwiri panthawiyo, koma pa chimbale ichi chomwe chinatuluka mu Novembala 2015 anangoganiza zoika pansi magitala onse a magetsi n'kujambula ndi zoimbira za manja zokhazokha, gitala ya bokosi, chitoliro, kalaneti, vayolini, bezi ija yaikulu yoimirira, ndi kalimba wa pakamwa wa Ambrose Kenny-Smith. Nyimbo 12 koma zonse pamodzi zimangopitirira pang'ono theka la ola, musanamalize kuphika nsima ndi ndiwo chatha. Nyimbo ya chitoliro ija munandidzutsira usiku ndi Trapdoor, imene amabwereza liwu limodzi lomwelo mpaka mutu kuyamba kuzungulira, woliza chitolirocho ndi Stu Mackenzie mtsogoleri wa bandi. Kamvekedwe kake kali ngati nyimbo za pologalamu ya ana pa wailesi, zosekaseka, zadzuwa, koma mukatchera khutu ku mawu akuimba za mafupa ndi mitembo, onani mayina okha, Bone, Cold Cadaver. Mwana wanga wamng'ono amavina Bone pabalaza ine n'kumangomuyang'ana osanena kanthu.

Ichi ndiye chimabeba pa kasipika kalikonse, chifukwa chinajambulidwa mosapukuta kale, palibe choti chitayike. Chofooka chake n'choti n'chopepuka, nyimbo zina zimatha ngati munthu waitanidwa panja asanamalize chiganizo, ndipo pakatha mwezi mukuchimvera tsiku ndi tsiku chimasukuluka. Chenjezo lina, musachikonde ichi n'kuthamangira kugula zina za bandi yomweyi mukuganiza kuti mupeza zitoliro, mnzathu wina anatero n'kugwera pa Infest the Rats' Nest cha 2019 chomwe ndi metal yeniyeni yogwedeza malata, anandiimbira ngati ndamunamiza dala. Komanso amene munandiuza kuti mwafufuza pa Spotify osachipeza, simunalakwitse sipelo, mu Julayi 2025 bandiyi inachotsa nyimbo zake kumeneko posagwirizana ndi zoti Daniel Ek, mmodzi mwa oyambitsa Spotify, anaika ndalama mu Helsing, kampani yopanga zipangizo zankhondo. Kayang'aneni pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsa nyimbo.

Tsopano Midlake. Apa khalani pansi.

Awa ndi a ku Denton ku Texas, anakumana cha mu 1999 akuphunzira jazz pa University of North Texas, ndiye kuimba zida amadziwa, zimenezo palibe wotsutsa. Ine ndinawadziwa kudzera ku The Trials of Van Occupanther cha 2006, CD yomwe msuweni wanga anabwera nayo kuchokera ku Cape Town mu chikwama cha zovala, iye sankaifuna n'komwe anangoti tenga zako za azunguzi. Ndinaimvera mpaka inachita kukalika. Roscoe, Head Home, Young Bride, piyano yofunda, magitala ngati a pa wailesi ya ku America ya m'ma 1970, Tim Smith akuimba za anthu akalekale osema miyala ndi omanga nyumba m'nkhalango, ngati munthu wosowa kwawo koma kwawoko sanakuonepo. CD imeneyo inandiperekeza pa nthawi yovuta, ntchito itatha ndikungokhala, ndiye mumvetse kuti kwa ine Midlake sinali bandi chabe, anali ngati achibale.

Ndiye nditakonzetsa gumbagumba ya malemu bambo, yomwe inakhala zaka pa kona itafundidwa nsalu ya tebulo, n'kupeza singano yatsopano, ndinati mbale yoyamba kugula ndi ndalama yanga ikhale ya Midlake. Van Occupanther pa vinyl inali yodula pomwe ndinaipeza, koma pa sitolo ina ya pa intaneti ya ku Britain ndinaona The Courage of Others pa mtengo wooneka bwino. Ndinali nditamvako nyimbo imodzi yokha, Acts of Man, pa YouTube, ndipo inandigwira. Chimbale chonse sindinachimvere dala, ndinkafuna ndidzachimve koyamba pa gumbagumba ya bambo, singano ikutera, ka phokoso kaja kothetheka, ine ndili ndi kapu ya tiyi. Uchitsiru wake unayambira pamenepo, chikomekome cha mkuyu.

Mtengo womwe unalembedwa pa chithunzi unali wa mbale yokha. Ya positi inatulukira pa tsamba lomaliza nditalemba kale dzina, adilesi ndi zonse, ndipo inali yoposa mtengo wa mbaleyo. Ndinakhala kaye phee, kenako ndinati aaa tafika kale apa. Khadi inakana ulendo woyamba koma ndalama inachoka ndithu mu akaunti n'kukakhala m'malere masabata awiri isanabwerere, ulendo wachiwiri inadutsa, pa reti yomwe sindinaionepo pa bolodi iliyonse, kuphatikiza kandalama kena kolipirira kugula kunja komwe ndinakaona pa sitetimenti basi. Mpaka apa ndinali ndikadali wolimba mtima, ndikuti Midlake ndi Midlake.

Ndinadikira masabata asanu ndi awiri. Tsiku lina foni, akuti katundu wanu anafika bwerani ndi chiphaso. Ndinapita nditavala bwino ngati ndikukatenga mlendo ku depoti. Kufika pa kauntala mnyamata akunditulutsira pepala, msonkho. Chabwino msonkho ndinkauyembekezera, koma ine m'mutu ndinawerengera pa mtengo wa mbale, osadziwa kuti amawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza ya positi yomwe, ndiye kuti positi yodula ija ndinailipira kawiri, koyamba kwa wogulitsa kachiwiri pa msonkho. Pansi pake mzere wina, ya kampani yonyamula katundu, akuti yoyendetsera mapepala. Pansi pakenso mzere wina, yosungira, chifukwa akuti katunduyo anakhala masiku ambiri osatengedwa. Ndinati "achimwene, mwandiimbira dzulo lomweli, ndikanabwera bwanji ndisanadziwe kuti wafika?" Iye osakweza n'komwe mutu, "akulu, uthenga tinatumiza kalekale, mwina netiweki." Ndinafunsa ngati ndingaonane ndi abwana ake, akuti abwana apita ku maliro abwera Lolemba, koma dziwani kuti yosungira ikuwerengabe tsiku lililonse. Pamenepo ndi pomwe ndinadziwa kuti ndagwidwa pakhosi. Kusiya katundu ndiye kuti zonse ndinalipira zija zapita, kutenga ndiye kuti ya lendi yabooka. Ndinalipira. Nditawerengera zonse madzulo ake pa kapepala, mbale ija inandidyera pafupifupi kanayi mtengo womwe unali pa chithunzi paja, ndipo mwa ndalama yonseyo yomwe inafika kwa oimba eniake ndi kachigawo kochepetsetsa. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma matope enawa amachita kukuthira ndi fosholo.

Nkhani sinathere pomwepo. Kunyumba ndikutsegula, katoni yake yopyapyala ngati ya sopo, mkati mopanda chilichonse cholimbitsa, ndipo kumbukirani unali mwezi wa Okutobala, phukusi linakhala masiku onse aja mu shedi ya malata likuphikidwa. Kutulutsa mbale ija, yapindika ngati lichero. Amene simunagwirepo vinyl, mbale ikapindika ndi kutentha imapindika kwambiri m'mphepete, ndipo m'mphepete ndi momwe mumakhala nyimbo yoyamba ya mbali iliyonse. Nyimbo yoyamba ya mbali yoyamba ndi iti? Acts of Man. Nyimbo yokhayo yomwe ndinagulira chimbale chonse. Singano ikangotera imakwera phiri n'kutsika, kukwera n'kutsika, kenako n'kudumpha ngati chule kukagwera pakati pa vesi. Ndinalembera wogulitsa ndi zithunzi zomwe, anayankha mwaulemu kwambiri kuti pepani, itumizeni tikubwezerani ndalama ya mbale, positi yobwezera ndi yanu. Kuwerengera, kuibweza kunali kodula kuposa ndalama yomwe akanandibwezera. Ndinaiika pakati pa magalasi awiri a pawindo n'kusanjikapo Baibulo, dikishonale ndi mabuku onse a ku sekondale kwa mwezi wathunthu, inawongokako pang'ono chabe. Pano imaimba pokhapokha ndikaika kakobiri pamutu pa singano, zomwe ndikudziwa kuti zikudya mizere ya mbaleyo pang'onopang'ono, koma nanga n'kutani.

Ndikudziwa, a Midlake sanapinde mbale yanga, sanalembe pepala la msonkho, sakudziwa n'komwe kuti ndilipo. Ndikanawakhululukira tsiku lomwelo chikhala kuti kuyambira nyimbo yachiwiri kupita mtsogolo munali zomwe ndinkayembekezera. Koma abale. Nyimbo 11, ndipo zonse zikuyenda liwiro limodzi, ngati anthu onyamula bokosi popita kumanda. Piyano yofunda ija ya pa Van Occupanther kulibe. Tim Smith akuimba motsitsa, malo amodzimodzi, osakwera osatsika, chitoliro chikulira pambuyo, magitala akutola zingwe mofatsa, mawu ake ndi a nthaka, chisanu, kutha kwa munthu, nthaka kachiwiri. Winter Dies, Small Mountain, Core of Nature, mukatseka maso simudziwa kuti ina yatha ina yayamba. Ngakhale pa siwa amayi a chigwirizano amadziwa kuti ikakwana 2 koloko usiku pamafunika kolasi yodzutsa anthu, awa ayi, kuyambira poyamba mpaka In the Ground nkhope ili yomweyo. Pa chikuto avala mikanjo yokhala ndi zipewa zofunda kumutu ngati amonke ali m'tchire, ndipo ndikanayang'anitsitsa chithunzi chimenecho ndisanagule ndikanadziwa kuti muno mulibe kuseka.

Chomwe chinachitika n'choti pakati pa 2006 ndi 2010 anyamatawa anamira mu folk rock ya ku Britain ya kumapeto kwa ma 1960 ndi ma 1970, a Fairport Convention, a Steeleye Span, a Pentangle, n'kufuna kumveka ngati anabadwira ku midzi ya ku England pomwe ndi ana a ku Texas. Anatenga chisoni cha nyimbo zimenezo n'kusiya zovina zake, pomwe a Fairport eniakewo amati akakuliritsa n'kukupatsa ya vayolini yothamanga kuti upukute misozi. Ku Britain magazini ambiri anachiyamikira chimbalechi, koma Pitchfork, magazini ya nyimbo ya pa intaneti ya ku America, inachipatsa 3.6 pa 10, ndipo tsiku lomwe ndinaona nambala imeneyo ndinaseka ndekha ngati munthu wapeza mboni pa bwalo la amfumu. Zoti ndi psychedelic ndiye musanamizidwe, mwa zitatuzi ichi ndi chomwe chili ndi zochepa, kupatula magitala a magetsi olira mokhuthala pa Winter Dies ndi The Horn, kwina konse ndi folk rock ya nkhope yokwinya basi.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'choti chaka chomwecho cha 2010 anyamata omwewa ndi amene anaimbira zida John Grant pa chimbale chake Queen of Denmark, chomwe magazini ya Mojo inachisankha kukhala chimbale cha chaka, ndipo mmenemo muli zonse zomwe ndinkafuna, piyano, kufunda, nthabwala, nyimbo zokhala ndi nkhope zosiyana. Nkhuku yonona anaphera mlendo, ife a pakhomo anatipatsa zipalapasiro. Kenako mu 2012 Tim Smith anachoka mu bandi ali mkati mojambula chimbale chotsatira, otsalawo anataya zonse zomwe anajambula kwa zaka ziwiri n'kupanga Antiphon cha 2013 mu miyezi isanu ndi umodzi, Eric Pulido woimba gitala n'kutenga maikolofoni. Chodabwitsa, Antiphon ndi chomwe chili psychedelic zenizeni, ma kiyibodi ozungulira, ng'oma zolemera, koma popanda mawu a Smith kwa ine chimamveka ngati nyumba yabwino yomwe mwini wake anasamuka. Smith yekha anadzatulutsa chake mu 2023 pansi pa dzina loti Harp, chimbale Albion, patatha zaka 11, munthu ameneyu sathamanga.

Pano ndiulule zomwe sindifuna kuulula. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, kunja kuli mbuu, zovala pa chingwe masiku atatu osauma, mbale yomwe ndimaitulutsa ndi yomweyi yopindikayi. Osati Fleet Foxes, osati Gizzard. Nyengo imeneyo liwiro limodzi lija limasiya kukhala vuto, limakhala ngati bulangete lolemera, ndipo Rulers, Ruling All Things ikafika pa kolasi pamene mawu amayalana ndimapezeka ndasiya zomwe ndimachita. Kaimbidwe ka zida mwa zitatuzi aka ndiye kaukatswiri, bezi ndi ng'oma zimayenda ngati munthu mmodzi, ana a jazz aja sanapite ku sukulu pachabe. Ndiye mwina chimbalechi si choipa, mwina ndi cha miyezi iwiri pa chaka, ngati juzi. Koma juzi ya mtengo umene uja ayi.

Zina zomwe mumafunsa ndingodutsamo. Bandulo, Gizzard ndi chachifupi ndiye chimadya pang'ono. Chizungu chosavuta kumva, Fleet Foxes amatchula mawu momveka ngakhale matanthauzo amazungulira, Midlake amalankhula ngati buku lakale la mapemphero, Gizzard musavutike nawo. Choika pali alendo, Gizzard. Choika mwakangana ndi akunyumba, Fleet Foxes. Chikuto chokongola, ine sindigula chimbale chifukwa cha chikuto. Pa vinyl, dziwani kuti Helplessness Blues ndi mbale ziwiri, kulemera kwake positi imakwera, ndipo mwamva kale zomwe positi imabereka ikafika pa kauntala.

Pali kanthu kena kanachitika komwe kanandichititsa manyazi pang'ono. Amalume anga omwe anagwirako ntchito ku migodi ya ku Copperbelt ali anyamata anabwera kudzacheza, ine n'kuwaikira zimbale zangazi monyadira kuti amve zomwe adzukulu akumvera masiku ano. Anamvetsera, n'kumwa tiyi wawo, kenako akuti "mphwanga, izi ife tinazimva kale ku Kitwe iwe usanabadwe, ukuitanitsa kutali zinthu zomwe zili kuseri kwa Mchinji." Ankanena Amanaz, bandi ya ku Kitwe yomwe inatulutsa chimbale chimodzi chokha, Africa, mu 1975, nthawi ya Zamrock, rock ya ku Zambia, pomwe Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri pa wailesi zikhale za ku Zambia komweko. Ndinakachifufuza ndipo madala sananame. Magitala olira mokhuthala ngati mavu mu chitini, kenako nyimbo zofatsa zaulesi ngati dzuwa la masana, zina m'Chingerezi zina m'Chibemba, ndipo Khala My Friend ndi folk rock ya psychedelic yoposa chilichonse pa The Courage of Others, ndikunena ndi chakukhosi chomwe koma ndikunenanso zoona. A Now-Again Records anachitulutsanso mu 2015 ndi mitundu iwiri ya kasakanizidwe ka mawu, wina wouma wina wokhala ndi eko yambiri, ine ndimakonda wa eko. Sindikuchiika mu mpikisanowu chifukwa si cha m'badwo wa mabandi a indie amenewa, ndi kholo lawo la kumbali, koma amene mukufuna kumva mtundu uwu wa nyimbo musachilumphe.

Ndiye mwati ndiyambire chiti. Ngati simunamvepo nyimbo zoterezi, yambani ndi Paper Mâché Dream Balloon, theka la ola silipweteka munthu, mukachida mwataya zochepa. Ngati muli ndi ndalama ya chimbale chimodzi chokha choti mukhale nacho zaka, ndi Helplessness Blues, ndipo zikundiwawa kulemba zimenezi chifukwa kwa zaka zambiri ndinkakangana ndi anthu kuti Fleet Foxes ndi ana, Midlake ndiye akuluakulu, anayamba ndi iwo ndevu ndi nkhalango zomwe. Gulani mafayilo kapena CD, ndipo ngati mtima wakakamira pa vinyl dikirani wachibale wochokera ku Joni kapena ku UK adzakunyamulireni m'chikwama cha m'manja, choimika osati chogoneka, musayerekeze za positi makamaka miyezi yotentha. Midlake muyambe ndi Van Occupanther, imeneyo ndiikira kumbuyo mpaka kumanda. The Courage of Others chikhale chomaliza, mumvere kaye chonse pa intaneti kawiri, mu Juni, musanatulutse kobiri.

Ndipo aise iwe unandifunsa ngati ndingakugulitse mbale yangayi, bwera Loweruka ndi theka la ndalama ya msonkho ija, kakobiri ka pa singano ndikupatsa ulere. Koma ubwere chisanu chisanayambe, ikafika Juni ndisintha maganizo.